Kansungwi ka a Zuze

Lamlungu lapitali kunali Misa yokumbukira a Zuze, poti patha chaka chathunthu chiwaikire m'manda. Wansembe anawatchula kuti anali munthu wofatsa, ndipo ine ndinaweramitsa nkhope kuti anthu asaone kuti ndikulimbana ndi phwete. Ndinakhala nawo khonde limodzi zaka khumi ndi zinayi, kuseri kwa msika wa Zingwangwa, ine ndi makina anga osokera mbali ino, iwo ndi mawailesi awo mbali inayo. Oona mtima anali oona mtima, aluso anali aluso, koma kufatsa ayi. Munthu wamakani ngati iwo sindinamuonepo, ndipo ndawasowa kuposa mmene ndinkaganizira. Ulaliki uli mkati sipika inalira mluzu, ndipo ndinaona mitu ingapo ikutembenukira ku benchi ya kukhoma, kumene iwo ankadzuka osapempha chilolezo kwa wina aliyense n'kukapotokola batani.

Khonde lathu lili ndi soketi imodzi yokha, ndipo nkhondo yathu inayambira pomwepo. Ine ndinkafuna kutenthetsa simbi yositira, iwo ankafuna kutenthetsa chitsulo chawo chowotcherera mawaya. Kulumikiza zonse ziwiri nthawi imodzi ankakana kwamtuwagalu, ati simbi yanga imaba moto. Titakangana mwezi wathunthu, mwini khonde anatigawira: m'mawa mpaka teni koloko soketi ndi yanga, kuchokera pamenepo ndi yawo, ine ndizisitira yamakala. Teni ikamayandikira ankangodzuka n'kuima pafupi ndi khoma pulagi ili m'manja, maso ali kumsewu ngati akudikira minibasi. Ndikachedwa pang'ono ankatsokomola. Dzina langa ankalidziwa bwinobwino, koma zaka zonsezo ndinali “mayi telala”.

Anali aafupi, owonda, ovala jasi la khaki limene anachoka nalo ku fakitale ina ya mawailesi imene inatsekedwa kalekale. Kwawo kunali ku Nsanje, ndipo mphepo ya Blantyre sanagwirizane nayo mpaka imfa. Juzi inkakhala mkati mwa jasilo ngakhale mwezi wa Okutobala, ife tikupemerera nkhope ndi makatoni. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata kwa bulazala wina wa pamishoni. Akamagwira chinthu choti chili pamagetsi, dzanja lamanzere linkakhala m'thumba. Odutsa ankati ndi matama. Ine anandiuza kuti magetsi akalowera dzanja lina n'kutulukira linzake amadutsa pamtima, choncho dzanja limodzi lizitsala pakhomo.

Wailesi ikabwera, ankayamba ndi kuinunkhiza. Kenako ankaitsegula, kukutumula mphemvu, n'kusolola kansungwi. Kanali kachidutswa ka nsungwi kotalika ngati pensulo, kakuda ndi thukuta la zaka zambiri. Ankayatsa wailesiyo n'kumagogoda pang'onopang'ono polumikizira paliponse, khutu atalitchera. Pamene yathetheka kapena kudula mawu, matenda ali pomwepo. Ankakonda kunena kuti wailesi zambiri sizifa ndi ukalamba, zimafa ndi phuma la amene anaziwotcherera. Malinga ndi iwo, munthu satenthetsa mtovu. Amatenthetsa zitsulo ziwiri zimene akufuna kuti zigwirane, mtovuwo n'kudziyendera wokha. Powotcherera bwino pamakhala posalala, ponyezimira. Powotcherera ndi chitsulo chosatentha mokwanira pamakhala potuwa, pamibulu, pooneka ngati pagwira koma pasanagwire, ndipo malo otero ankawatchula kuti phala logona.

Kansungwi kakapeza phala logona, mlandu unkayamba.

“Muno anatsegulamo ndani?”

“Palibe, bambo. Yangosiya yokha.”

“Palibe? Ndiye kuti mphemvu za ku Chilobwe zayamba kuwotcherera.”

Sindinamvepo munthu akuvomera, koma onse ankabweranso, chifukwa chimene akonza a Zuze chinkakhalitsa. Wailesi zimene eniake sanadzazitenge sankazigulitsa. Zinkakhala pa shelefu kumbuyo kwawo, ndipo kamodzi pamwezi ankaziyatsa imodziimodzi, ati zingaiwale kulankhula. Akapeza ntchito yabwino ya munthu wina, zimene zinkachitika mwa kamodzikamodzi, ankaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena liwu limodzi la Chisena cha kwawo: “Pyadidi.” Ndiye kuti zili bwino. Liwulo ndinkalimva akuuza zitsulo, osati anthu.

Anthu atayamba kumvera wailesi pafoni, ntchito inachepa, moti ankadalira maampulifaya a m'matchalitchi ndi a m'mabala. Anyamata okonza mafoni kutsidya kwa msewu ankawapatsa ulemu wonse, iwo n'kumati anyamatawo sawotcherera koma amangomata. Chimene ankachilira chinali mavavu, timababu tagalasi timene tinkakhala m'mawailesi akale. Ankati vavu imayamba yafunda kaye isanalankhule, ndipo anthu ena pakhonde pano akanaphunzirapo kanthu. Anthu enawo ndinali ine, poti panalibenso wina.

Zaka ziwiri zomaliza za moyo wawo sanagwirenso chitsulo chowotcherera. Makasitomala ankadabwa kuona telala akusiya diresi pamakina n'kukakhala patebulo la mawailesi, mkulu wajasi ataima kumbuyo akulozaloza ndi kansungwi. Mmene zinayambira sindinafotokozerepo munthu iwo ali moyo, chifukwa sakanakondwa nazo.

Zinayamba ndi akazi awo, amake Rozina. Mayi amenewa anaimba m'kwaya ya parishi zaka zoposa makumi atatu. Lachinayi lililonse popita kokaphunzira nyimbo ankadzera pakhonde pathu, kusiya mbatata yophika, kudzudzula kolala ya jasi, n'kupitirira. Ndi munthu yekhayo amene ndinamvapo a Zuze akumuyankha kuti chabwino. Kenako anadwala matenda aja oumitsa ziwalo, mbali yakumanja yonse inafa, ndipo pasanapite nthawi makutu nawo anayamba kugontha. Nyumba yawo inali kumtunda ku Manje, kumene galimoto sifika, choncho zotsika kupita kutchalitchi zinathera pomwepo.

Chimene ankapempha chinali kaseti ina yake. Kale a Zuze anajambulapo kwaya ija ndi mamaiki awiri, ina kumbali ya amayi, ina kumbali ya abambo, moti poimvera amayi ankamveka kumanzere, abambo kumanja. Koma akaikweza pasipika, amake Rozina ankati akungomva chigayo. Timahedifoni ta foni tinkawapweteka n'kumagwa.

Rozina, mwana wawo wa ku Joni, ndiye anatumiza kabokosi pabasi. Iye ankangofuna kusangalatsa bambo ake ndi mavavu amene ankawalira tsiku ndi tsiku. Munali ampulifaya yaing'ono ya mahedifoni, yoti munthu aimange yekha: bolodi yobiriwira, timatumba ta tizipangizo, pepala la malangizo, mahedifoni aakulu ophimba khutu lonse, ndi mavavu awiri okulungidwa ngati mazira. A Zuze ananyamula vavu imodzi n'kuiyang'ana padzuwa, ndipo ndinaona kuti maso awo anyowa. Anati mawu a vavu ndi ofewa, amalowa m'khutu lokalamba mosakankha. Kaya zinali zoona kaya chinali chikondi chabe, ine sindidziwa. Chimene ananena motsindika n'chakuti amake Rozina adzadzimvanso akuimba.

Chinali chaka chija magetsi ankathima kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. A Zuze analephera kudikira. Anatulutsa chitsulo chakale chamkuwa chimene anapatsidwa ndi bulazala uja, chosalira magetsi, n'kumachisomeka pambaula yanga. Chitsulo chotero chimafuna changu, chifukwa ukachichotsa pamoto sichichedwa kuzizira. Ali ndi mphamvu zawo, amenewa anali masewera. Koma panali patatha chaka ndikumva supuni ikulira yokha m'kapu yawo ya tiyi, ngakhale panalibe wozitchula. Ndinkaona dzanja likuchoka pambaula, kuzungulirazungulira m'mwamba kufunafuna malo, n'kukafika mochedwa. Tanthauzo lake sindinalidziwe nthawi imeneyo.

Tsiku loyesa, magetsi alipo, mavavu anayaka mofiirira ndipo mbali zonse ziwiri zinaimba. Loweruka anakwera nayo ku Manje. Lolemba anabwera nayo n'kuiika patebulo osapereka ndi moni womwe.

“Zayenda bwanji, a Zuze?” ndinafunsa.

“Akumva amuna okhaokha.” Kenako anawonjezera: “Andifunsa kuti, abambo a Rozina, ife mwatichotsamo?”

Khutu lakumanzere, mbali ya amayi, linkayamba bwino, pakatha mphindi khumi kuthetheka, kenako zii.

Masabata atatu otsatira aliyense anapalamula kupatula iwo. Basi ya ku Joni inagwedeza katundu. Amene analemba pepala la malangizo sanagwirepo chitsulo chibadwire. Magetsi a masiku ano ndi othira madzi. Simbi yanga nayo inalowa m'mlandu, ngakhale inali yozula. Anasinthanitsa mavavu, yakumanzere kupita kumanja, vuto linatsala kumanzere. Anasintha chingwe, anabwereka mahedifoni ena, anayeza kachipangizo kalikonse ndi mita mobwerezabwereza, zonse zinali bwino. Ine ndinawauza kuti angotembenuza mawaya a kaseti, amayi azimveka mbali imene ikugwirayo, abambo adikire. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati ntchito yolumala sangaipereke kwa munthu wolumala kale.

Sabata yachitatu amake Rozina anagonekedwa m'chipatala masiku anayi, ndipo anatuluka ali ofooka kwambiri. Apa makani aja anasiya kundiseketsa, anayamba kundiwawa. Ndinali nditaonanso chinthu china. Kansungwi, kamene kankagogoda wailesi iliyonse isanathe mphindi zisanu patebulo, kanali m'chitini masabata onsewo osakhudzidwa.

Lachitatu lina magetsi alipo, teni itadutsa, ndinakatenga n'kukaika patsogolo pawo.

“Kansungwika kadwala?”

“Kameneko n'ka ntchito za anthu ena.”

“Nanga muno anatsegulamo ndani?”

Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi jasi. “Mayi telala, sokani madiresi anu.”

“Ndisoka. Koma amayi alibe masabata ena atatu oti muziwatayira pano.”

Mawuwo anali olasa, ndipo atangotuluka ndinachita mantha. Anali munthu wamsinkhu wa bambo anga. Ndinabwerera pamakina n'kumapalasa popanda chosoka chenicheni.

Panapita nthawi ndithu ndisanamve pulagi ikulowa. Anadikira kuti mavavu afunde, anavala mahedifoni, dzanja lamanzere m'thumba, n'kutola kansungwi. Dzanja linkanjenjemera moti kansungwiko kankagogoda kokha. Katafika pamwendo umodzi wa chokhalira cha vavu yakumanzere, anadzidzimuka. Sanaime. Anapitiriza bolodi yonse mzere ndi mzere, monga ankachitira ndi ntchito za anthu ena, ndipo anadzidzimukanso kanayi. Anavula mahedifoni n'kuwaika pansi mosamala.

“Phala logona,” anatero chapansipansi. “Wophika ndine.”

Anazula pulagi, anachotsa magetsi otsalira mkati ndi kachingwe kawo, anatsimikiza ndi mita, kenako anatenthetsa chitsulo chamagetsi. Anachilozetsa pamwendo paja. Nsonga yake inkagunda uku ndi uku ngati nkhuku yotola chimanga. Anayesa kugwira dzanjalo ndi linzake, koma sizinathandize. Anachibwezera pamalo pake n'kukhala akuyang'ana manja awo. Sindinamverepo munthu chisoni ngati tsiku limenelo, ndipo ndinkadziwa kuti ndikachionetsa chisonicho sadzandikhululukira.

“Inu mumalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi?” anafunsa osatembenuka.

“Eya.”

“Kasambeni m'manja.”

Zaka zonsezo chitsulo chimenecho chinali chisanagwiridwepo ndi munthu wina. Anandipatsa bolodi yakutha kuti ndiphunzirirepo, ndipo malo khumi oyamba anawakana onse.

“Mukudontheza, mayi telala, si kandulo ameneyu. Nsonga pamwendo kaye. Werengani: wani, thuu, firii. Tsopano mtovu, mbali inayo. Basi, chotsani. Musauzire, si tiyi.”

Sitinakonze malo asanu okha. Ankakumbuka pena paliponse pamene anawotcherera masiku a mbaula, ndipo anati ponseponse pabwerezedwe. Tinkayamwa mtovu wakale ndi kapampu, kupala mwendo mpaka uwale, n'kuwotchereranso. Zinatenga masiku atatu, poti magetsi ankabwera mwa apo ndi apo ndipo za mbaula sanafunenso kuzimva. Diresi ya mkwatibwi wina inachedwa, amayi ake anandilalatira, ine ndinangopepesa. Titamaliza anayatsa, anagogoda bolodi yonse, anamenya kabokosi ndi chikhato m'mbali, kenako anayandikitsa maso pamalo omaliza amene ndinawotcherera.

“Pyadidi,” anatero, akuyang'ana bolodi osati ine.

Ndinanamizira kufunafuna sizasi pansi pa makina mpaka misozi itabwerera.

Loweruka masana anandiuza kuti ndiwaperekeze, ati mwina panjira pangamasuke china. Tinakwera ku Manje wapansi, iwo atakumbatira kabokosi, ndipo sanazembe mwala ngakhale umodzi, ati chofa chifere panjira. Amake Rozina tinawapeza atatsamira khoma pamatiresi, atachepa thupi moti mahedifoni aja anawakulira. A Zuze analumikiza kaseti, tinadikira kuti mavavu afunde, kenako anadina batani.

Ife sitinkamva kanthu, tinkangoyang'ana nkhope. Poyamba panalibe chosintha. Kenako dzanja lamanzere, lamoyo lija, linayamba kumenya bulangete motsatira nyimbo, milomo n'kumayenda. Mphindi khumi zija zinakwana, zinadutsa, dzanja likumenyabe.

“Tabwereramo,” anatero mokweza, monga amalankhulira anthu osamva bwino. “Ndine uyo. Koma ndinkathamanga bwanji.” Kenako anayang'ana amuna awo. “Manja anu akadali omwe aja, abambo a Rozina.”

Ine ndinayang'ana pansi. Panalibe chowakakamiza a Zuze kutsutsa, ndipo chinsinsicho ndikanapita nacho kumanda.

“Si anga,” anatero a Zuze. “Ndi a mayi telala awa.”

Amayiwo sanamve, poti makutu anali ophimba. Wina akanati ndanena, kwatha. A Zuze anagwada, anatukula hedifoni yakumanzere, n'kubwereza mawu omwewo m'khutu, mokweza moti ndi oyandikana nawo nyumba omwe anamva.

“Ndikudziwa,” anayankha amake Rozina. “Amene amanditayira tiyi pabulangete m'mawa uliwonse ndani? Bwezerani, nyimbo ikundidutsa.”

Anakhala ndi moyo miyezi ina inayi, ndipo magetsi akangoyaka kaseti ija inkazungulira, mbali zonse ziwiri, mpaka sabata yomaliza. A Zuze anawatsatira pasanathe zaka ziwiri, m'nyengo yozizira, atadwala chibayo masiku ochepa chabe. Kufikira nthawiyo ankatsika ku Manje m'mawa uliwonse, kununkhiza mawailesi, kugogoda, kuloza, ine n'kumawotcherera teni ikadutsa. Ntchito yanga ankaigogoda mopanda chifundo, ndipo liwu lija la Chisena sindinalimvenso. Chinasintha n'chimodzi: akapeza phala logona m'wailesi ya munthu, za mphemvu sankazinenanso. Ankafunsa kaye ngati wowotchererayo anali ndi magetsi tsiku limenelo.

Anakawaika kwawo ku Nsanje, pafupi ndi akazi awo. Ampulifaya ndi kaseti anatenga Rozina, tebulo linapita kwa anyamata a mafoni aja. Kansungwi kali m'dilowa ya makina anga pamodzi ndi masingano. Anthu amabwerabe ndi mawailesi, ndipo ndimawauza kuti ine ndinali manja chabe, khutu linapita.

Mbali yawo ya khonde ili mbee. Pakhoma patsala msomali wokolekapo jasi, ndi malo oyera pamene panali shelefu ya mawailesi osatengedwa. Pasimenti pali zipsera zinayi za miyendo ya tebulo, ndipo m'ming'alu muli timadontho ta mtovu timene tsache limalephera kuchotsa. Soketi ndi yanga tsiku lonse tsopano, chinthu chimene ndinachimenyera zaka khumi ndi zinayi. Koma teni ikakwana ndimangopezeka ndazula simbi, malaya ndisanamalize kusita. Ndimaima pamenepo pulagi ili m'manja, soketi ili pululu, ndipo palibe akutsokomola.